Nkhondo za Angoni m'Zigwa ndi m'Mapiri a Rumphi

Pakati pa anyamata a makono amene anazolowerana ndi kompyuta, alipo ena amene sakhutira ndi masewera a nkhondo monga anawakonzera eni ake, koma amakhala pansi usiku ndi usana kujambula mapu awoawo, kuika mitsinje, nkhalango ndi malinga pamalo pake, ndi kugawira gulu lililonse la ankhondo mphamvu zake, kuti anzawo akamenye nkhondo yamakedzana ngati kuti ikuchitika lero lomwe. Masewera a Age of Empires, amene anatuluka m'chaka cha 1997, anapatsa wosewera aliyense ufulu wokonza nkhondo yakeyake. Ndipo mu Rome: Total War, a m'chaka cha 2004, munali nkhondo ya m'nkhalango ya Teutoburg yoikidwiratu. Nkhondo imeneyi, pamodzi ndi maulendo onse a Aroma olimbana ndi mafuko a ku Germania, ndi imodzi mwa nkhondo zimene okonza masewera azibwereza kawirikawiri, ndipo chifukwa chake si chobisika, pakuti m'menemo muli funso limene mtima wa munthu sutopa nalo, lakuti zimatheka bwanji kuti ankhondo ophunzitsidwa bwino, omvera lamulo limodzi, agonjetse dziko lathyathyathya m'miyezi yowerengeka, koma alephere zaka makumi kugwira anthu obalalika okhala m'nkhalango ndi m'mapiri.

Nkhani ya Aromayo tiidule mwachidule. M'masiku a Kaisara Augustus, yemwe uja timamuwerenga pa chiyambi cha mutu wachiwiri wa Luka, kazembe Drusus anawoloka mtsinje wa Rhine namenya nkhondo kuyambira chaka cha 12 kufikira chaka cha 9 Khristu asanabadwe, nafika mpaka ku mtsinje wa Elbe, ndipo anamwalira atagwa pa kavalo ali pa ulendo wobwerera. Aroma anayesa kuti dzikolo lagonja, nayamba kukhometsa msonkho ndi kuweruza milandu monga mwa malamulo awo. Koma m'chaka cha 9 Khristu atabadwa, Arminius, mwana wa mfumu ya fuko la Cherusci, munthu amene Aroma omwewo anamuphunzitsa nkhondo namupatsa ulemu wa mbadwa ya Roma, anakokera kazembe Varus m'njira yopapatiza pakati pa phiri ndi dambo, ndipo magulu atatu athunthu, la 17, la 18 ndi la 19, anathera momwemo. Germanicus anabwezera chipongwecho kuyambira chaka cha 14 mpaka 16, napambana nkhondo zingapo za pambalambanda, koma Kaisara Tiberius anamuitanitsa kumudzi, ndipo Rhine anatsala malire.

Tsono ine ndinena kuti mnyamata wa ku Bolero, wa ku Mhuju kapena wa ku Nchenachena, ngati afuna nkhondo yotere yoti aijambule, alibe chifukwa chowolokera nyanja zamchere, popeza fodya wako ndi amene ali pamphuno. Dziko limene alipondalo linaona nkhondo ya mtundu womwewo, ndipo agogo a agogo ake ndiwo anali m'kati mwake.

Woyamba kujambula ayambe ndi nthaka, chifukwa ku Rumphi nthaka ndiyo inaweruza nkhondo. Kumadzulo kuli chigwa cha Nkhamanga, chotambalala, cha nthaka yabwino, chofika mpaka ku madambo a Vwaza kumene njovu zinali zosawerengeka. Kum'mawa kwake mtsinje wa South Rukuru umadzipanikiza pa mpata wa Njakwa, pafupi ndi boma la Rumphi, kenaka nutembenukira kumpoto m'chigwa cha Henga, chopapatiza ndi chachitali, usanagwere kunyanja cha ku Mlowe. Pamwamba pa zonsezi pakhala Nyika, dziko la udzu, mphepo ndi nkhungu, limene nsonga yake ya Nganda ipitirira mamita 2,600; ndipo m'mphepete mwake mwa kum'mawa, mmene mapiri amatsetserekera kunyanja ndi zigwembe zakuya, ndimo mokhala Aphoka. Zigwa ziwiri ndi phiri limodzi: mbiri yonse ili m'menemo.

M'chigwa cha Nkhamanga munali ufumu wa Chikulamayembe. Mwambo umati cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 kunafika alendo ochokera kutsidya kwa nyanja, otchedwa Balowoka, ndi mtsogoleri wawo Mlowoka, ndipo sanadze ndi nthungo koma ndi nsalu, mikanda ndi makasu, zimene anasinthanitsa ndi minyanga ya njovu kwa anthu amene anali asanaidziwe mtengo wake. Anakwatira m'mabanja a eni nthaka, napatsa mafumu nduwira, nasunga ulemu wa kachisi wa Chikhang'ombe, ndipo mwa njira imeneyi banja la a Gondwe linakula mpaka Gonapamuhanya anakhala pampando. Unali ufumu wa malonda ndi ukwati. Unalibe gulu la ankhondo lokhazikika, ndiponso panalibe chokakamiza mafumu a ku Hewe, a ku Henga ndi a kumapiri kuti pa tsiku la tsoka asonkhane pansi pa chishango chimodzi. Chimene chinali nzeru pa masiku a mtendere chinasanduka chilema pamene anafika anthu amene ntchito yawo yobadwa nayo inali nkhondo.

Anthu amenewa anali Angoni a Zwangendaba Jere, amene anathawa chipwirikiti cha masiku a Shaka kummwera, nawoloka Zambezi cha ku Zumbo mu November 1835, tsiku limene kadamsana anadetsa dzuwa. Anayenda zaka zambiri, kutola anthu m'mitundu yonse imene anaidutsa, Athonga, Akaranga, Ansenga, Achewa, mpaka Zwangendaba anagona ku Mapupo, m'dziko la Ufipa, cha m'ma 1848. Ana ake ndi abale ake atalimbirana ufumu, mtunduwo unang'ambika: Mpezeni anapita kumene pambuyo pake kunadzakhala Chipata, ena analowera ku Tanganyika, ndipo chigawo chachikulu chinatsikira kummwera nichifika m'chigwa cha Henga cha m'ma 1855. Pamalo otchedwa Ng'onga, m'boma lomwe lino la Rumphi, ndi pamene M'mbelwa, mwana wa Zwangendaba, analongedwa ufumu. Ambiri akamva za Angoni a kumpoto amaganiza za Mzimba yekha, osadziwa kuti mpando wa Inkosi ya Makosi unayambira m'dziko la Ahenga, ndi kuti atasamukira m'zigwa za Kasitu ndi Lunyangwa anasiya m'mbuyo dziko limene analiyesa munda wawo, loti azibwerako kudzakolola.

Kamenyedwe kawo kanali kachilendo kwa eni dziko. Mtumbuka wa masiku amenewo anali ndi uta ndi mivi, ndipo nkhondo yake inali yolasana patali, yotha pakagwa anthu owerengeka. Mngoni anali ndi chishango chachikulu cha chikopa cha ng'ombe, chibonga, ndi nthungo yaifupi yobayira pafupi, imene saiponya. Anyamata anaikidwa m'magulu monga mwa misinkhu yawo, gulu lililonse ndi nduna yake, ndipo pofika pa mudzi, kawirikawiri m'mbandakucha anthu ali m'tulo, anautchinga mbali zonse ngati nyanga za ng'ombe. Mivi ikathera m'zishango, zotsala zinali kuthawa kapena kufa. Komatu chida chawo choposa nthungo chinali china, ndipo apa ndipo wokonza masewera ayenera kutchera khutu, pakuti Angoni sanali kufunitsitsa nthaka koma anthu. Ana ndi akazi ogwidwa anagawidwa m'nyumba za mafumu ndi nduna. Anyamata anaboola makutu, naphunzira ingoma, nalowa m'magulu a nkhondo, ndipo wolimba mtima ankatha kukwera mpaka kukhala nduna ndi kukhala ndi ogwidwa akeake. Ng'onomo Makamo, kazembe woopsa wa M'mbelwa, sanali wa banja la a Jere. Makolo ake anali a mwa anthu otoledwa panjira. Motero nkhondo iliyonse inabala ankhondo a nkhondo yotsatira, monga pa bawo, pamene nkhomo zimene wadya kwa mnzako sizichoka pa thabwa koma zilowa m'maenje ako ndi kukamdyanso mwini wake.

Zigwa sizinachedwe kugwa. Nkhamanga, pokhala poyera ndi popanda pobisala, anapasuka. Malonda a minyanga anatha, midzi inabalalika, anthu ambiri anatengedwa kukakhala pafupi ndi midzi ya Angoni kumene ankalimira ambuye awo, ndipo otsala anapereka msonkho wa chakudya ndi makasu kuti agone m'nyumba. Ahenga nawonso anagonja, ndipo anyamata awo, amene anaonetsa luso pa nkhondo, anawaika m'magulu awoawo mpaka anthu anayamba kuwatcha Majere-Henga.

Kumapiri nkhani inali ina. Aphoka anali alimi ndi osula zitsulo, ndipo mabwinja a ng'anjo zawo zadothi, momwe ankasungunulira miyala ya chitsulo, akali kuoneka m'mphepete mwa Nyika. Analibe mfumu imodzi yaikulu yoti ukaigwira ndiye kuti wagwira mtundu wonse, analibe khola la ng'ombe zambiri lokopa adani, ndipo pamene nkhondo inakula anakwera pamwamba, namanga tinyumba tating'ono m'malo ozyolika, apa kamodzi apo kamodzi, nalima nyemba, nsawawa ndi mawere m'mizere yopingasa pa zitunda zimene mlendo amakwera chokwawa. Gulu la nkhondo lozolowera kufunyulula nyanga zake pachigwa likafika pa njira yotere liyenera kuyenda mmodzimmodzi, chishango chachikulu chija chikukola m'mitengo, ndi mwala wogubuduzidwa kuchokera pamwamba ulibe chishango choutchinga. Amene anafikako pa mathithi a Manchewe, pafupi ndi Livingstonia, adziwa kanjira koterera kotsikira m'mbali mwa phompho, kamene kamakufikitsa ku phanga la kuseri kwa madzi, pamene thanthwe limakhala lonyowa chaka chonse ndipo phokoso la madzi ogwa mamita oposa 100 limameza mawu onse, ngakhale kulira kwa khanda. Anthu a kumeneko amasimba kuti makolo awo ankabisala m'menemo adani akamveka. Angoni anawavutitsa ndithu Aphoka, kuwatenthera nkhokwe ndi kugwira amene anawapeza m'minda, ndipo moyo wa m'mapirimo unali wa njala ndi chisanu. Koma kuwasamutsa onse, monga anachitira ndi anthu a m'chigwa, sanathe, pakuti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Zitunda zomwezo lero zili ndi khofi.

Ndipo kunali, zitapita zaka ngati makumi awiri, kuti chida chija cha kumeza anthu chinatembenukira mwini wake. Ogwidwa anachuluka kuposa owagwira, ndipo anali atadziwa zonse: kagwiridwe ka chishango, kayendedwe ka usiku, ndiponso mantha a ambuye awo. Oyamba kuthawa anali ogwidwa a mtundu wa Atonga a m'mbali mwa nyanja, cha m'ma 1875, amene anabwerera kunyanja nadzitsekera m'malinga, ndipo pamene Angoni anawatsata anakagonjetsedwa pa mtsinje wa Chintheche ndi Atongawo, otsogozedwa ndi Mankhambira. Mbiri imeneyi itamveka kuti Mngoni nayenso amathawa, Akamanga, anthu a ku Nkhamanga, ndi Ahenga anagalukira cha m'ma 1879, ndi atsogoleri monga Kanyoli, Kambondoma ndi Mwendera, amuna amene anakulira m'nkhondo za Angoni monga Arminius anakulira m'nkhondo za Aroma. Koma Rumphi sanaione Teutoburg yake. Angoni anabwera ndi ukali, Mujuma, amene anali pampando wa Chikulamayembe, anaphedwa, ndipo mpandowo unakhala wopanda munthu kwa mbadwo wathunthu. M'chaka cha 1880 Atumbuka a Baza Dokowe anagalukiranso, nakwera phiri la Hora m'dziko la Mzimba. Koma Hora ndi thanthwe loima palokha pakati pa chigwa, losiyana ndi mapiri a Phoka amene ali ndi akasupe ndi njira zotulukira kuseri, ndipo Angoni anangolizinga ndi kudikira kuti ludzu liwagwirire ntchito. Anthu ochuluka anaphedwa potsika, ngakhale Baza mwini wake anapulumuka nathawira kwa Mfumu Mwase ku Kasungu. Wojambula mapu aphunzirepo kuti si phiri lililonse lili linga. Lopanda madzi ndi msampha.

Pali gawo lina la mbiriyi limene anthu sakonda kulikamba pa maphwando, koma wolemba woona sayenera kulilumpha. Ahenga a Kanyoli, atalephera kwawo, anathawira kumpoto m'dziko la Ankhonde, ku Karonga, kumene analandiridwa ngati alendo. Pamene Mlozi, wamalonda wachiswahili wogula minyanga ndi akapolo, anamanga malinga ake m'dzikolo nayamba kulimbana ndi eni nthaka m'chaka cha 1887, ambiri a Ahenga aja anakhala mbali yake, nagwiritsa pa Ankhonde luso lomwe lija analiphunzira kwa Angoni. Othawa moto anakayatsa moto kwa amene anawapatsa pogona. Nkhondoyo inakoka a kampani ya African Lakes, inakoka Frederick Lugard m'chaka cha 1888, ndipo inatha mu December 1895 pamene Harry Johnston anagwetsa linga la Mlozi namupachika. Masewera a pakompyuta amakonda mbali ziwiri, ofiira ndi obiriwira, ozunza ndi ozunzidwa, koma Mhenga wa m'zaka zimenezo anali kapolo, msilikali wa Angoni, wogalukira, wothawa nkhondo ndi wothandiza Mlozi, zonsezi m'moyo umodzi, ndipo utoto umodzi sungamukwane.

Nanga chinathetsa nkhondo za Angoni a M'mbelwa nchiyani, popeza palibe amene anawagonjetseratu pa bwalo? Abale awo a kwa Gomani anathyoledwa ndi mfuti za Angerezi mu 1896, a kwa Mpezeni mu 1898, koma a kwa M'mbelwa sanamenyane ndi boma. Amishoni a Livingstonia, amene anafika ku Cape Maclear mu 1875 nasamukira ku Bandawe mu 1881, anatumiza kwa iwo William Koyi, mlaliki wachixhosa wochokera ku Lovedale, amene chilankhulo chake Angoni ankachimva, ndipo iye anakhala ku Njuyu kuyambira 1882 kufikira imfa yake mu 1886. Masukulu anatsegulidwa pang'onopang'ono, ndipo anyamata amene akanapita kukasambitsa nthungo anayamba kugwira sileti. M'mbelwa anamwalira mu 1891. Mliri wa ng'ombe wa zaka zotsatira unapululutsa makola, ndiwo chuma ndi ulemerero wa Mngoni. Anansi anali atapeza mfuti. Ndipo njira ya ku migodi ya kummwera inapatsa mnyamata mwayi wina wopezera chuma cha malowolo. Mu 1894 Dotolo Robert Laws anasankha chitunda cha Khondowe, pakati penipeni pa Aphoka, kuti amangepo Livingstonia watsopano, ndipo anthu a m'mapanga anayamba kutsika. Pomaliza, mu 1904, Alfred Sharpe, mkulu wa boma la Angerezi, anakumana ndi mafumu a Angoni ku Ekwendeni, ndipo dziko lawo linalowa m'manja mwa boma popanda kuwomba mfuti.

Wina akafunsa kuti anapambana ndani, ayambe wamvetsera chilankhulo chimene ana a ku Ekwendeni ndi ku Embangweni amalankhula posewera. Ana a ankhondo aja analeredwa ndi amayi achitumbuka, ndipo m'mibadwo iwiri yokha Chingoni chinatsalira m'nyimbo za ingoma, m'mayina ndi m'zitamando za mafumu, pamene Chitumbuka chinalowa m'nyumba ya Inkosi yomwe. Koma Atumbuka nawonso sanatuluke monga analowera, popeza malowolo a ng'ombe, ndi mwambo wakuti ana ndi a kwa bambo, zinazika mizu pakati pawo m'nyengo imeneyi. Ndipo akatswiri ambiri amagwirizanitsa kukula kwa vimbuza, gule wochiza amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, ndi zowawa za masiku omwewo. Wogonjetsa anataya lilime, wogonja anasintha banja, ndipo palibe kompyuta imene ingaike zimenezi pa mlingo umodzi ndi kunena mbali yolemera.

Chotsala ndi nkhondo ya zolembera, imene imayamba nthungo zikaikidwa pansi. Za Arminius timazidziwa kudzera mwa adani ake, makamaka Tacitus, pakuti mafuko a Germania sanasiye buku. Ndipo Ajeremani a m'zaka za m'ma 1800, pofuna kholo la mtundu wawo wogwirizana kumene, anaimikira Arminius chipilala chachikulu pafupi ndi Detmold, chimene chinatha mu 1875, ngakhale iye mwini anaphedwa ndi abale ake ndipo sanalamulirepo mtundu umodzi. Kwathu kuno mwayi unali wokulirapo, chifukwa ana a sukulu za Livingstonia anagwira cholembera okalamba oona ndi maso akali moyo. Saulos Nyirenda analemba mbiri ya Atumbuka ndi Ahenga, Yesaya Chibambo analemba ya Angoni, ndipo mmishonale T. Cullen Young anasindikiza zimene anasonkhanitsa za Akamanga mu 1932. Aliyense analemba ndi mtima wa kwawo, monga kuyenera munthu. Mwa Chibambo Angoni ndi odzetsa lamulo ndi ulemu, mwa Nyirenda ndi opasula dziko la mtendere.

Zolembazo sizinali za m'kabati chabe, pakuti mbiri inali umboni pa mlandu wa mipando ndi malire. Mu 1907 boma la atsamunda linavomera kudzutsa mpando wa Chikulamayembe, nilikhazikapo Chilongozi Gondwe, ndipo anthu ophunzira a ku Livingstonia, pakati pawo Mbusa Edward Bote Manda, analimbikira zaka zambiri kuti mpandowo upatsidwe ulamuliro pa Atumbuka onse, ponena kuti ndi momwe zinalili Angoni asanadze. Wolemba mbiri Leroy Vail, atafufuza m'midzi ya kumeneko cha m'ma 1970, anatsutsa kuti ufumu wakalewo unali waukulu chotero, nati mphamvu yake inali ya malonda ndipo sinapitirire kwenikweni chigwa cha Nkhamanga. A ku Bolero, kumene mwambo wa Gonapamuhanya umachitika chaka ndi chaka, sanavomerezane naye, ndipo mafumu a ku Hewe ndi a kumapiri a Phoka ali ndi kasimbidwe kawo kosiyana ndi onse awiri. Choncho mnyamata amene adzakhale pansi kujambula Rumphi wa chaka cha 1855 adzapeza kuti mitsinje ndi mapiri nzosavuta kuika, magulu a M'mbelwa pa Ng'onga nawonso malo awo ngodziwika, koma akadzafika poti alembe malire a dziko la Chikulamayembe, mzere uliwonse umene adzajambule udzakhala ndi mfumu yamoyo yomufunsa kuti anamuuza ndani.